ZIDA ZATSOPANO ZOPANGIRA MAPULOGALAMU: KODI KABWE ADZAPINDULA ULENDO UNO?

M'mwezi wa Novembala caka ca 2024, nduna yoona za luso lamakono ndi sayansi, a Felix Mutati, anatulutsa mu Lusaka cikalata colongosola njira imene dziko la Zambia lifuna kutsata pa nkhani ya nzeru za makina, zimene ambiri azidziwa ndi zilembo ziwiri zakuti AI. Cikalataco cinakonzedwa kuti citsogolere nchito kuyambira 2024 kufikira 2026, ndipo ulimi, umoyo ndi maphunziro ndi zina mwa mbali zimene Boma linati makina otere angathandizeko. Munthu wa kumudzi womva nkhani yotere pa wailesi akhoza kuiyesa ya akatswiri a m'maofesi aakulu okhaokha, imene siimukhudza iye ndi khasu lake.

Koma m'zaka khumi zapitazi kwabwera mwakacetecete zida zimene zilola kalaliki, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi kudzipangira pulogalamu ya pa lamya ya m'manja popanda kukhala zaka zinayi pa yunivesite. Kuyambira 2023, zambiri mwa zidazi zaikidwanso nzeru za makina mkati mwake. Motero nkhaniyi yacoka m'maofesi aakulu ndi kufika pa khomo la bungwe la alimi, la sukulu ndi la cipatala ca kumudzi.

Mafunso amene abuka ndi atatu: ndani adzapanga mapulogalamu amenewa, ndani adzawalipirira, ndipo ndani adzayankha mlandu akalakwitsa? Palibe mzinda woyenera kuunikirapo mafunsowa kuposa Kabwe, likulu la Cigawo ca Pakati, pakuti mzindawu unaona kale cuma catsopano cikufika ndi cimwemwe, ndi kucoka citasiya mabvuto.

ZIDA ZIMENEZI N'ZOTANI?

Pulogalamu ndi malangizo amene kompyuta kapena lamya itsata pogwira nchito. Munthu akatumiza ndalama kwa mbale wake pa Airtel Money kapena MTN MoMo, pali pulogalamu imene ifunsa nambala, iwerenga ndalama zotsala, ndi kutumiza uthenga wotsimikiza. Kuyambira kale malangizo otere anali kulembedwa mzere ndi mzere m'zilankhulo zapadera za makompyuta, ndipo kadontho kamodzi koikidwa polakwika kanali kokwanira kuimitsa nchito yonse. N'cifukwa cake olemba mapulogalamu anali ocepa, ndiponso malipiro awo anali okwera.

Zida zatsopanozi zifanana ndi kumanga nyumba ndi njerwa zoumbidwa kale. Mmisiri wakale anali kuyamba ndi kukumba dothi, kuliponda, kuumba, kuwocha uvuni ndi kupala matabwa a zitseko. Wa lero agula njerwa, mafelemu ndi malata, ndipo luso lake ndi kudziwa pulani ndi kulumikiza zonse bwino. Momwemonso, wopanga pulogalamu ndi zida izi apeza zidutswa zokonzeka kale: bokosi lolembamo dzina, lina la tsiku, batani lojambulira cithunzi, lina losonyeza malo pa mapu. Iye angozisankha, kuziika pamalo pake, ndi kunena cimene ciyenera kucitika munthu akadina. Kampani yofufuza za malonda ya ku America yochedwa Forrester ndiyo inachukitsa dzina lakuti low-code mu 2014, kutanthauza kuti zolemba ndi zocepa. Pamene palibe colemba n'comwe, zidazo azicha no-code.

Zida zotere zilipo zambiri. App Inventor inatulutsidwa ndi Google mu 2010, ndipo kuyambira 2012 iyang'aniridwa ndi sukulu ya MIT; ana a sukulu m'maiko ambiri aphunzirirapo. Microsoft inatulutsa Power Apps mu 2016. AppSheet, imene isandutsa tebulo la mizere ndi mabokosi kukhala pulogalamu ya pa lamya, inagulidwa ndi Google mu 2020. Palinso KoboToolbox ndi ODK, zimene mabungwe othandiza anthu agwiritsa nchito polemba mafunso ndi mayankho m'midzi, ngakhale kumene kulibe intaneti.

Mwacitsanzo, mlembi wa bungwe la alimi ali ndi kaundula wa mamembala: dzina, mudzi, kukula kwa munda, matumba a fataleza amene munthu anatenga, ndi ndalama zimene anabweza. Akakopera kaundulayo m'tebulo la pa kompyuta, cida conga AppSheet ciwerenga mitu ya mizere ndi kupanga fomu ya pa lamya. Tsiku logawa fataleza mlembi asankha dzina, alemba matumba, ajambula lisiti, ndipo msungicuma aona ciwerengero cimodzimodzico pa lamya yake. Nchito imene kale ikanafuna katswiri wocokera ku Lusaka itheka m'masiku owerengeka.

Nanga nzeru za makina zilowa pati? Pulogalamu wamba icita cokhaco cimene inauzidwa. Ya nzeru za makina iphunzitsidwa ndi zitsanzo: ikaonetsedwa zithunzi zambirimbiri za masamba odwala ndi amoyo, iyamba kusiyanitsa yokha tsamba limene sinalionepo. Cida ca Google cochedwa Teachable Machine cilola munthu aliyense kuyesa zimenezi ndi zithunzi zake. Citatuluka ChatGPT mu Novembala 2022, makampani anaona kuti makina akhoza kumva mau wamba, ndipo mu 2023 Microsoft inaika mthandizi wake wochedwa Copilot mu Power Apps. Munthu angolemba kuti afuna pulogalamu yosungira maina a alimi ndi ngongole zawo, makina n'kuyala maziko ake. Zidutswa zina ziwerenga zolembedwa pa lisiti, zina zimasulira cilankhulo, zina ziyankha mafunso.

Pali mfundo imodzi yosayenera kuiwalika. Makinawa saganiza monga munthu, ndipo sadziwa coona ndi conama. Alosera yankho looneka loyenera potengera zitsanzo zimene anadyetsedwa. Zitsanzozo zikakhala za kutali kapena zopereweza, yankho lake lidzakhalanso lotero, ngakhale litanenedwa molimba mtima.

CIFUKWA CAKE KABWE

Mu 1902 mzungu wofunafuna miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pamalopo, ndi kupacha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo amuna ambiri anabwera kudzafuna nchito, ena mwa iwo ocokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi ku Nyasaland. N'cifukwa cake mabanja ambiri a Kum'mawa ali ndi agogo amene anakhetsa thukuta kumeneko. Dziko litalandira ufulu mzindawu unapatsidwa dzina lakuti Kabwe. Mgodi unatsekedwa mu 1994, fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles inaima mu 2007, ndipo nchito za njanji zinacepa poyerekeza ndi kale, ngakhale kuti likulu la Zambia Railways linakhalabe komweko.

Cimene cinatsala, ndipo cikukulirakulira, ndi masukulu. Kabwe ali ndi Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa mu 2008 ndipo iphunzitsa za makompyuta. Kwame Nkrumah University, imene inayamba monga koleji ya aphunzitsi mu 1967. Ndi Kabwe Institute of Technology ya nchito zamanja. Caka ciliconse anyamata ndi atsikana atsiriza maphunziro m'masukuluwa, koma mafakitale owalemba nchito ndi ocepa, kotero kuti ambiri atsika ndi mseu waukulu kunka ku Lusaka kapena kukwera ku Copperbelt. Mzinda wokhala ndi acinyamata ophunzira ambiri, nchito zocepa, ndi mabvuto ofuna kalembera wolongosoka, ndiwo malo enieni amene zida zoterezi zingaonetse phindu lake, kapena kuonetsa kuti ndi mphepo cabe.

Alimi a m'boma la Kabwe adziwanso kale kukoma ndi kuwawa kwa makina. M'nyengo ya 2015/2016 bomali linali limodzi mwa maboma 13 amene anayamba kulandira thandizo la FISP kudzera pa khadi, m'malo mwa matumba obwera pa lole. Njirayi inapatsa mlimi ufulu wosankha cimene afuna kwa wogulitsa. Koma itafalitsidwa m'dziko lonse mu 2017/2018, m'madera ambiri makhadi anacedwa kutsegulidwa ndipo netiweki inabvuta, mpaka caka cotsatira Boma linabwezera maboma ena ku njira yakale. Phunziro lake ndi lakuti mvula siidikira kompyuta. Pulogalamu ikacedwa milungu itatu, mlimi wataya caka cathunthu.

NCHITO ZIMENE ZILI KUDIKIRA

Bvuto lalikulu la Kabwe ndi mtovu umene mgodi unasiya m'dothi. M'makomboni oyandikira mgodi wakale, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ana ameza fumbi lake posewera pabwalo ndi podya ndi manja osasamba. Bungwe la World Health Organization linena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene udziwika kuti ulibe ngozi. Kwa mwana, ciphe cimeneci ciononga bongo, cicepetsa magazi, ndi kubweza m'mbuyo maphunziro. Akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a Hokkaido University ya ku Japan, pa kafukufuku amene anafalitsa mu 2020, anawerengera kuti pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse a mu Kabwe anali ndi mtovu wopitirira mamaikulogalamu 5 pa desilita ya magazi, mlingo umene madokotala ayambira kuda nkhawa. Mu Disembala 2016 World Bank inabvomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo oonongedwa ndi migodi mu Kabwe ndi mizinda ina ya ku Copperbelt, ndipo mwa nchito zake munali kuyeza ndi kuciritsa ana.

Nkhondo yotere ndi ya mankhwala, komanso ndi ya kalembera. Mwana woyezedwa lero afunika kuyezedwanso pakapita miyezi. Akalandira mankhwala n'kubwerera ku bwalo lomwelo la fumbi, mtovu ukweranso. Pafunika kudziwa nyumba imene bwalo lake linathiridwa dothi labwino kapena kubzalidwa kapinga, sukulu imene bwalo lake linayalidwa, ndi banja limene lasamuka. Wogwira nchito za umoyo woyenda khomo ndi khomo akhoza kukhala ndi fomu ya pa lamya yolemba zonsezi pamodzi ndi malo ake pa mapu, yomukumbutsa tsiku lobwereranso. Mbali ya nzeru za makina ingathandize kuwerenga makhadi akale olembedwa pamanja, ndi kusanja maina kuti ana ofunika kuonedwa msanga akhale pamwamba. Zimenezi si maloto: dziko lino lagwiritsa kale nchito pulogalamu ya DHIS2, yocokera ku University of Oslo, polandira malipoti a malungo otumizidwa pa lamya ndi anthu a zaumoyo a m'midzi.

Koma malire ayenera kudziwika. Lamya siingaone mtovu m'thupi la mwana. Coona cimacokera m'magazi oyezedwa ku cipatala. Aliyense wobwera ndi pulogalamu yonena kuti ipima mtovu pojambula nkhope ya mwana ndi wonyenga. Ndiponso zipatala za Boma zili ndi njira yake yosungira mbiri ya odwala, yochedwa SmartCare. Mapulogalamu ang'onoang'ono akapangidwa mwacisawawa, gulu lililonse ndi yake, mwana mmodzi adzalembedwa m'makaundula asanu osagwirizana, ndipo dokotala sadzadziwa loona. Kuphweka kwa zidazi ndiko ubwino wake, ndiponso ndiko ngozi yake.

Ku ulimi nako nchito ilipo. Mbozi zoononga cimanga zinafika m'dziko lino kumapeto kwa 2016, ndipo ciyambire pamenepo sizinacoke. Mlangizi mmodzi ayang'anira mabanja ambiri otalikirana, kotero kuti pofika pa munda wina apeza mbozi zitalowa kale mu mtima wa cimanga. Akatswiri a PlantVillage ku Penn State University anapanga pulogalamu yochedwa Nuru, imene izindikira matenda a cinangwa ndi kuononga kwa mbozizi poyang'ana tsamba, ngakhale popanda intaneti. Cimene zida za low-code ziwonjezera ndi cakuti wophunzira wa ku Mulungushi, pogwirizana ndi alangizi a ku Chibombo kapena ku Kapiri Mposhi, akhoza kupanga kalembera wosonyeza midzi imene mbozi zaoneka mlungu uno, kuti mankhwala apite kumene afunika. Zithunzi zophunzitsira makina zikajambulidwa m'minda ya konkuno, pa mbeu za konkuno ndi dzuwa la konkuno, yankho lake lidzakhala lodalirika kuposa la makina ophunzitsidwa ndi minda ya maiko ena.

BVUTO LA CILANKHULO

Makina oyankha mafunso anaphunzira powerenga zolembedwa zosawerengeka za pa intaneti, ndipo zoculuka mwa izo ndi za Cingerezi. Za Cinyanja ndi zocepa, za Cibemba cimodzimodzi, ndipo za Cilenje, cimene cilankhulidwa m'midzi yozungulira Kabwe, ndi zocepa koposa, popeza siciri pakati pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene Boma ligwiritsa nchito m'masukulu ndi pa wailesi. Zotsatira zake ndi zakuti makina amene ayankha bwino m'Cingerezi aphonya m'Cinyanja: asakaniza mau, asokoneza maina a mbeu ndi a matenda, ndipo nthawi zina apeka liu limene kulibe.

Zinthu zasuntha pang'ono. Google Translate inalandira Cicewa mu 2014 ndi Cibemba mu 2024. Mu 2022 kampani ya Meta inatulutsa makina omasulira zilankhulo 200, ndipo Cinyanja ndi Cibemba zinalimo. Ku University of Zambia, a Claytone Sikasote ndi anzawo anasonkhanitsa mau ojambulidwa a Cibemba, ndipo mu 2023 anatulutsa nkhokwe yochedwa Zambezi Voice, yokhala ndi mau a Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, kuti makina aphunzire kumva anthu akulankhula. Nchito imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa anthu a kumidzi, pakuti mai wosadziwa kulemba akhoza kufunsa ndi pakamwa.

Komabe Cinyanja ca m'mabuku cisiyana ndi ca pa msika wa mu Kabwe, ndipo ca ku Katete cisiyana ndi ca ku Petauke kumene Cinsenga cilowerera. Pulogalamu yolangiza za mlingo wa mankhwala ophera mbozi ikalakwitsa liu limodzi, munda upsa kapena wopopera adwala. Wopanga wanzeru adzalemba yekha mayankho ofunika, adzawapereka kwa mlangizi kuti awaone, ndi kulamula makina kuti asankhe pa mayankho okhawo, osati kupeka awo.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Nyerere yoyamba ndi bodza. Mu 2023 woweruza wa ku New York analipiritsa maloya madola 5,000 cifukwa copereka ku khoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Mu Febuluwale 2024 bwalo lina la ku Canada linagamula kuti kampani ya ndege ya Air Canada ilipire munthu amene anasokeretsedwa ndi makina ake oyankha mafunso pa za mtengo wa tikiti ya wopita ku maliro. Kampaniyo inayesa kunena kuti makinawo ayankhe okha pa zimene ananena, koma bwalo linakana. Cigamuloco ndi ca dziko lina, koma nzeru yake ndi yodziwika m'mudzi uliwonse: ng'ombe ikadya m'munda wa eni, wolipira ndi mwini khola.

Nyerere yaciwiri ndi kuulula zinsinsi. Mu Ogasiti 2021 akatswiri a kampani ya UpGuard anaulula kuti zolembedwa 38 miliyoni za anthu, kuphatikizapo maina, manambala a lamya ndi za katemera wa Covid-19, zinali poyera pa intaneti kucokera m'mabungwe 47 amene anagwiritsa nchito Power Apps. Sipanathyoledwe citseko, opangawo sanadziwe kuti panali loko wofunika kutseka, ndipo pambuyo pake Microsoft inasintha makonzedwe ake. Ngati zotere zinagwera maboma ndi makampani aakulu a ku America, kuli bwanji kalaliki wophunzira yekha usiku? Lamulo la Data Protection Act la 2021 linanena kuti mbiri ya munthu isatengedwe popanda maziko a lamulo monga cilolezo cake, kuti za mwana zifuna cilolezo ca kholo kapena womlera, ndi kuti zinthu zacinsinsi kwambiri monga za matenda zisungidwe pa makompyuta a m'dziko lino. Pamenepa pali mfundo yobvuta, popeza zambiri mwa zida za low-code zisunga zolembedwa pa makompyuta a makampaniwo kunja kwa Zambia. Kaundula wa ana a mtovu sangaikidwe paliponse cifukwa cakuti m'posabvuta.

Nyerere yacitatu ndi ndalama. Kuyesa kumakhala kwaulere, koma anthu ogwiritsa nchito akaculuka, mwini cida afuna malipiro a mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense, ndipo mtengo wake uwerengedwa m'madola. Kumapeto kwa 2024 dola imodzi inapitirira K27. Bungwe limene lisiya kulipira likhoza kutsekeredwa kunja, ndipo pulogalamu yomangidwa pa cida ca kampani imodzi siinyamulika kupita nayo kwina. Ndi nyumba yomangidwa pa malo a lendi. Zida zonga ODK ndi KoboToolbox, zimene malangizo ake ndi otsegukira aliyense, zipatsa mwai wozisungira pa kompyuta ya eni, koma zifuna munthu wodziwa kuzisamalira.

Nyerere yacinai ndi magetsi. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atatsika ku Kariba, nyumba zambiri zinali kuona magetsi maola atatu cabe pa tsiku, ndipo netiweki ya lamya inabvutanso m'madera ambiri. Anthu akumbukiranso caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta, ndipo m'masukulu ena anatsiriza usiku cifukwa makompyuta anali ocepa. Kubwera kwa Starlink mu Okutobala 2023 kunatsegula njira ya intaneti kumalo akutali, koma nayo ifuna magetsi ndi malipiro. Pulogalamu yoyenera kumudzi ndi imene igwira nchito popanda netiweki, ndi kutumiza zolembedwa pamene netiweki yapezeka. Ndipo buku la pepala lisatayidwe.

PHUNZIRO LA MGODI

Kwa zaka pafupifupi 90 mtovu ndi zinki zinakwera sitima kucoka mu Kabwe, ndipo fumbi linatsala. Mu Okutobala 2020 maloya anasuma kampani ya Anglo American South Africa ku khoti ya ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai amene akuti ndi pafupifupi 140,000. Kampaniyo ikana mlandu, ndipo mu Disembala 2023 khoti inakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu. Odandaula anacita apilo. Ngakhale cigaza ca munthu wakale cimene cinafukulidwa mu mgodiwo mu 1921 cinatengedwa kupita ku Natural History Museum ku London, ndipo Boma la Zambia lapempha kangapo kuti cibwezedwe.

Cuma ca masiku ano cimene makampani a makina afuna ndi zolembedwa za anthu: maina, mau, zithunzi za minda, mbiri ya matenda. Ngati acinyamata a mu Kabwe adzangokhala osonkhanitsa zimenezi ndi kuzitumiza kunja, kenaka n'kugula m'madola nzeru zopangidwa kucokera mu izo, ndiye kuti mgodi watsegulidwanso m'maonekedwe ena. Pa Mulungushi Rock, kufupi ndi mzindawu, m'pamene a Kenneth Kaunda mu Epulo 1968 analengeza kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani ambiri a alendo. Anthu asiyana maganizo pa zotsatira za njira imeneyo, koma funso limene linafunsidwa tsiku lija, lakuti cuma ca dziko cipindulira yani, labweranso. Kusiyana kwake ndi kwakuti ulendo uno cida cokumbira cikhoza kukhala m'manja mwa mwana wa m'komboni, ngati aphunzitsidwa kucigwira.

ZOYENERA KUCITIKA

Coyamba ndi maphunziro oyenera. Kukoka mabokosi pa galasi munthu aphunzira pa mlungu umodzi. Cobvuta ndi kudziwa cofunika kulembedwa, woyenera kuciona, ndi kayesedwe ka makina asanapatsidwe kwa anthu. Thumba la CDF linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lake lina lilipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Makomiti a m'madera monga Kabwe Central ndi Bwacha, ngakhalenso a Kum'mawa, akhoza kuona luso ili monga aonera ukalipentala ndi kuwocherera zitsulo. Ndipo popeza Nkrumah atumiza aphunzitsi m'zigawo zonse za dziko, cimene ciphunzitsidwa kumeneko cidzafika ku Lundazi ndi ku Chadiza.

Caciwiri ndi mgwirizano, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wophunzira adziwa makina koma sadziwa nyengo yobzala. Mlangizi adziwa munda. Namwino adziwa odwala. Mfumu idziwa anthu ake. Pulogalamu yopangidwa popanda iwo idzatha pamodzi ndi mayeso a wophunzirayo. Khonsolo ndi maofesi a Boma m'cigawo ayenera kusunga mndandanda wa mapulogalamu ogwira mbiri ya anthu, ndi dzina la woyankha pa iliyonse. Akatswiri olemba mapulogalamu mzere ndi mzere adzafunikabe, monga momwe nyumba ya nsanjika ifunira injiniya ngakhale njerwa zili zogula.

Cacitatu cili m'manja mwa anthu a kumidzi eni ake. Safunsa anadya phula. Mlendo akafika ndi lamya kudzalemba maina, manambala a citupa kapena matenda a ana, mwini nyumba ali ndi ufulu womufunsa amene wamutuma, kumene zolembedwazo zidzasungidwa, amene adzaziona, ndi ofesi yokadandaulako zikalakwika. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya siiperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale atabvala bwino cotani. Malangizo a makina okhudza mankhwala a munthu, a ciweto kapena a mbeu ayenera kutsimikizidwa ndi namwino kapena mlangizi asanatsatidwe.

Zida za low-code sizidzacotsa mtovu m'dothi la Kasanda, ndipo sizidzagwetsa mvula. Zikhoza kuthandiza kuti mwana woyezedwa asaiwalike, kuti ngongole ya fataleza isasowe m'buku, ndi kuti mnyamata wophunzira apeze cocita kwawo m'malo mokwera basi ya ku Lusaka. Zimenezi zidzatheka pokhapokha zolembedwa zikhala m'manja mwa eni ake, ndipo pa pulogalamu iliyonse pakhala munthu wodziwika dzina ndi ofesi, woti anthu akhoza kumupeza ndi kumufunsa.